Phunziro 17: Nthano ndi Ndakatulo pa Nyengo ya Lenti

Chaka ndi chaka Akhristu a mipingo ina, monga Katolika ndi Angilikani, amasunga nyengo yotchedwa Lenti. Iyi ndi nyengo ya masiku 40 okonzekera Pasaka, tsiku lokumbukira kuuka kwa Yesu Khristu. Lenti imayamba Lachitatu la Phulusa, pamene Akhristu amapakidwa phulusa pamphumi kusonyeza kulapa. Kuchokera pa tsikuli kufikira Loŵeruka lakuti maŵa lake ndi Pasaka pali masiku 46, koma masiku 6 a Lamulungu saŵerengedwa. Masiku 40 ameneŵa amakumbutsa nthaŵi imene Yesu anakhala m'chipululu osadya kanthu.

Tsiku la Pasaka limasinthasintha, motero Lachitatu la Phulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. M'dziko la Malaŵi imeneyi ndi miyezi yovuta. Nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu, chimanga cha m'munda chisanakhwime. Njala ikaloŵa m'mudzi, anthu sachedwa kukangana. Wina amadandaula kuti mbuzi za mnzake zamudyera mbeu, wina kuti mbale wake wamumana ufa. Pa nthaŵi yomweyi Akhristu amalangizidwa kupemphera, kusala kudya ndi kuthandiza osauka. Nanga munthu wopanda ufa m'nyumba angampatse chiyani mnzake? Chilipo chimene ngakhale mmphaŵi ali nacho, ndicho mau. Nchifukwa chake Akhristu ena pa nyengoyi amasonkhana ndi kugaŵana nthano, nkhani ndi ndakatulo.

Akatolika amasonkhana m'magulu ang'onoang'ono otchedwa miphakati. Mphakati ndi gulu la mabanja oyandikana amene amapemphera ndi kuthandizana pamodzi. Maepiskopi a maiko a kum'maŵa kwa Africa anagwirizana zolimbikitsa magulu otere pa msonkhano wao ku Nairobi m'chaka cha 1973. M'dayosizi ya Lilongwe ntchitoyi inatsogozedwa ndi Episkopi Patrick Kalilombe.

Msonkhano wa mphakati umachitikira pakhomo pa mmodzi wa iwo. Mphasa zimayalidwa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Atatha kupemphera, mtsogoleri amatembenukira kwa wachikulire nanena kuti, "Agogo, anaŵa abwera ndi makutu. Tatiuzaniko kanthu." Ikakhala nthano, agogo amayamba ndi mau akuti, "Padangokhala," onse navomera kuti, "Tili tonse." Kawirikawiri ana amapempha nthano ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime pamodzi ndi nyama zinzake, koma usiku namapita kukaba madzi. Nthaŵi zina akuluakulu amasimba zimene anaona ndi maso pa njala ya 2002, kapena zimene makolo ao anawauza za njala ya 1949. Amatchula za anthu amene anagaŵa kaufa kao kotsiriza, ndiponso za ena amene anatseka zitseko poona mlendo.

Kuphunzitsa ndi nthano si chinthu chachilendo kwa Akhristu. Yesu mwini anaphunzitsa ndi mafanizo, monga la mwana woloŵerera ndi la Msamariya wachifundo. Koma nkhani imene imaonetsa bwino mphamvu ya nthano ndi ya mfumu Davide ndi mneneri Natani, yopezeka m'buku la 2 Samueli, mutu 12.

Davide anachita choipa chachikulu. Anatenga mkazi wa msilikali wake Uriya, nakonza zoti Uriyayo aphedwe kunkhondo. Kudzudzula mfumu pamaso ndi chinthu choopsa, motero Natani anapita kwa Davide ndi fanizo. Anasimba za anthu aŵiri okhala m'mudzi umodzi, wina wolemera ndi wina wosauka. Wolemera anali ndi nkhosa ndi ng'ombe zambirimbiri. Wosauka anali ndi kankhosa kamodzi kokha, kamene anakalera ngati mwana wake. Tsiku lina kwa wolemera uja kunafika mlendo. M'malo mopha imodzi mwa nkhosa zake, iye analanda kankhosa ka wosauka, naphera mlendoyo.

Davide atamva izi anapsa mtima kwambiri. Anagamula kuti munthu wotereyo ayenera kufa, ndiponso abweze nkhosa zinai. Pamenepo Natani anamuuza mosabisa kuti wolemera wa m'fanizolo anali iye mwini. Davide anasoŵa chonena, popeza anali atadziŵeruza yekha. Anavomera kuti anachimwa.

Umu ndi mmene nthano imagwirira ntchito. Munthu akadzudzulidwa mwachindunji amafuna kudziteteza. Koma pomvera nthano amakhala ndi mtima womasuka, naŵeruza mlandu mwachilungamo chifukwa auyesa wa munthu wina. Pambuyo pake amazindikira kuti nkhaniyo imakamba za iye.

Ndakatulo nayo ili ndi ntchito yake. M'Baibulo muli masalimo 150, ndipo onseŵa ndi ndakatulo zoimbidwa. Mau a pamwamba pa Salimo 51 amasonyeza kuti ili ndi pemphero la Davide, Natani atamudzudzula. M'salimoli wolakwa apempha kuti asambitsidwe ndi kupatsidwa mtima woyera. Akatolika amaliimba pa Lachitatu la Phulusa. Tsono nthano inamtsegula maso Davide, ndipo ndakatulo inampatsa mau opepesera.

Ana nawonso sangomvera chabe. Amapeka ndakatulo zao ndi kuzilakatula pamaso pa akulu. Mwana aimirira mwaulemu, nati, "Zikomo amayi ndi abambo, ndili ndi ndakatulo." Ndakatulo ya pa Lenti ingathe kukhala yotere:

Phulusa la pamphumi
Madzi a m'maŵa alichotsa,
Koma mwaye wa mumtima
Suchoka ndi sopo.

Ndinamana mnzanga mondokwa,
Ndinatseka chitseko pomuona;
Usiku tulo tinandithaŵa,
Nsima inandiŵaŵa m'kamwa.

Maŵa ndilaŵirira kwao,
Kadengu kali pamutu;
Ndikachite odi, ndikapepese,
Dzuŵa lisanakwere.

Msonkhano sutha ndi kuomba m'manja kokha, pakuti mau okoma sakhutitsa wanjala. Asanabalalike, anthu amafunsana kuti, "Kodi m'mudzi muno ndani ali ngati mwini kankhosa uja?" Akatero amagaŵana ntchito. Anyamata amakakonza denga lodontha la nkhalamba. Atsikana amakatungira madzi wodwala. Amayi amasonkha ufa, aliyense kambale kamodzi, kuti ukafike kwa ana amasiye. Amene anayambana amalimbikitsidwa kukhululukirana Pasaka asanafike. Nthano yamveka ngati womvera wasintha khalidwe lake.

Matanthauzo a Mau

kulapa: kumva chisoni chifukwa cha cholakwa ndi kuchisiya
kusala kudya: kudzimana chakudya mwadala chifukwa cha mapemphero
fanizo: nkhani yaifupi yokhala ndi phunziro lobisika
kugamula: kupereka chiŵeruzo pa mlandu
mwaye: zakuda zochokera ku utsi zimene zimamatirira kudenga
mondokwa: chimanga chachiŵisi chootcha kapena chophika

Mafunso

1. Kodi Lenti imayamba tsiku liti?
2. Fotokozani chifukwa chake masiku a Lenti ali 40 osati 46.
3. Chifukwa chiyani miyezi ya Febuluwale ndi Malichi ili yovuta m'midzi?
4. Kodi mphakati nchiyani?
5. Nchifukwa ninji Natani anayamba ndi fanizo polankhula ndi mfumu?
6. Kodi wolakatula akutanthauza chiyani ponena kuti mwaye wa mumtima suchoka ndi sopo?

Ntchito

(a) Funsani agogo anu kapena wachikulire wina kuti akusimbireni nthano yophunzitsa kugaŵana. Mudzaisimbe m'kalasi.
(b) Lembani ndakatulo ya mizere 8 pa mutu wakuti "Kupepesa".
(c) Pangani ziganizo zanu pogwiritsa ntchito mau aŵa: kulapa, kugamula, kulaŵirira, kusonkha.