Phunziro: Chiphunzitso Chachikulu m'Kabuku Kakang'ono

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, akhristu m'matchalitchi a Katolika m'Malawi muno anamva kalata ya Aepiskopi. Inasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi yathu ino ya Mangochi, kwa ansembe a Montfort. Mfundo zake zambiri sizinali zatsopano. Za malipiro oyenera a antchito, Papa Leo XIII anali atalemba kale mu 1891, ndipo m'maseminale ankaziphunzira. Boma silinatekeseke nazo zili m'mabuku akuluakulu. Linatekeseka zitalowa m'kabuku ka masamba ochepa, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kokwana m'thumba. Kupezeka nako kunasanduka mlandu, ndipo nyumba yosindikizira ija inatenthedwa.

Lero tili ndi Laudato Si', kalata ya Papa Francis ya 2015 yonena za kusamala chilengedwe. Ili ndi ndime 246. Msodzi wa ku Malembo sadzaimaliza (nawo ophunzira ambiri sanaimalize), chonsecho ndiye amaona chambo chikuchepa m'khoka.

Ntchito ya katekisiti ndi kusankha mfundo imodzi, monga yakuti nyanja ndi ya ana osabadwanso, n'kuilemba pa tsamba limodzi. Koma kufupikitsa kuli ndi msampha. Tsamba longodzudzula wovuulira nsomba neti ya udzudzu, osatchula umphawi umene wamufikitsa pamenepo kapena a mabwato akuluakulu, lanamizira Papa, pakuti iye salekanitsa kulira kwa chilengedwe ndi kwa osauka.

M'miphakati sabata ino, werengani ndime 49, kenaka muinene m'Chichewa kapena m'Chiyao m'ziganizo zitatu.