Afalansa ndi Njira ya Akapolo ya ku Phalombe

M'phunziro la mwezi uno tikamba za mtundu wa Azungu wochedwa Afalansa. Mbendera yao siinaimikidwe kuno ku Jenala, pakuti dziko lino linagwa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891. Koma monga mvula igwa pa phiri la Mulanje ndi madzi ache nafika ku nyanja ya Chilwa, chomwechonso zochita za Afalansa kutali zinafika pa makomo a makolo athu.

1. Zisumbu za kum'mawa. M'nyanja yaikuru ya mchere, kupitirira dziko la Mozambique, muli zisumbu. Afalansa anakhazikika pa chisumbu cha Réunion m'chaka cha 1665, natenganso Mauritius mu 1715. Kumeneko analima khofi, pambuyo pache nzimbe, koma manja olima anasowa. Tsono zombo zao zinadza kudzagula anthu ku madoko a Mozambique, Ibo, Quelimane ndi Kilwa. Mu 1776 Mfalansa wina dzina lache Morice anapangana ndi mfumu ya ku Kilwa kuti azigula akapolo 1,000 chaka ndi chaka. Mwa ogulidwa m'madoko amenewo munali Amakua, Ayao ndi Amaravi a kumtunda kuno.

2. Dzina latsopano, goli lomwelo. Mu 1848 boma la France linathetsa ukapolo m'maiko ache onse. Eni minda anapeza nzeru yina: anagulabe anthu ku gombe, nawalemba m'buku kuti ndi anchito odzifunira okha. Koma munthu wogwidwa usiku, mudzi wache uli kupsya, anadzifunira chiani? Malinga ogula analipo ku gombe, ogwira anthu sanaleke kumtunda. Imodzi ya njira za akapolo inapita pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kulinga ku Quelimane. Ndipo pomwepo Angerezi anamanga linga la Fort Lister mu 1893 kuti aitseke.

3. Madagascar. Chisumbu chachikuru ichi Afalansa anachilanda mu 1896, napitikitsa mfumu yache yaikazi Ranavalona III chaka chotsatira. Kumeneko kuli anthu ochedwa Makoa, zidzukulu za akapolo ochokera ku Mozambique. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1942, asilikari a K.A.R. a ku Nyasaland anaoloka nyanja kukamenyana ndi Afalansa a boma la Vichy pa chisumbu chomwecho.

4. Kutha kwa ulamuliro. Mu 1947 eni dziko a ku Madagascar anaukira, ndipo anaphedwa anthu zikwi zambiri. Mu 1960 maiko 14 a mu Africa, pamodzi ndi Madagascar, analandira ufulu kuchokera kwa Afalansa. Algeria anaulandira mu 1962, itatha nkhondo yoopsya. Koma Réunion ndi Mayotte zikali zigawo za France kufikira lero.

Tiphunzirapo ichi: choipa sichileka kuipa chifukwa achipatsa dzina lokoma. Tikamva wina alonjeza ana athu nchito yabwino kutali, tifunsitse tisanawalole, pakuti ogulitsa anthu akalipo.

Mafunso: Afalansa anafuniranji akapolo? Linga la Fort Lister linamangidwiranji? Kodi wanchito asiyana bwanji ndi kapolo?