Phunziro la Mwezi Uno: Kuphunzitsa Alimi ndi Zooneka ndi Maso

Caka ciliconse timatumiza kumidzi alimi otsogolera amene atsiriza maphunziro awo pano. Ambiri amadziwa bwino zimene anaphunzira, koma akafika pansi pa mtengo wa misonkhano amangolankhula. Anthu amagwedeza mitu, naomba m'manja, koma mvula ikagwa timapeza maenje osazama ndi mizere yokhotakhota. Omvera sitingawaimbe mlandu, pakuti munthu amaiwala msanga zimene wangomva, pamene cimene waona ndi kucigwira cimakhazikika mumtima. Conco mlangizi aliyense aphunzire kuonetsa zimene akunena.

Kwa ife a mpingo njira imeneyi si yacilendo. Mulungu pofuna kulankhula ndi Yeremiya anamtuma kunyumba ya woumba mbiya kuti akaone dongo likuumbidwa (Yeremiya 18). Ambuye Yesu atafunsidwa za msonkho, anayamba waitanitsa ndalama kuti onse aone cithunzi cimene cinali pamenepo (Mateyu 22).

Yambani ndi cinthu ceniceni

Pa ulimi wa gamphani timati dzenje likhale la masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuzama. Maenje atalikirane masentimita 70, ndipo mizere masentimita 90. Manambala asanu amenewa ndi ovuta kusunga kwa munthu amene alibe tepi yoyezera. Tengani khasu, mukumbe dzenje limodzi anthu akuona, kenaka aliyense aloze dzanja lake m'menemo. Dulani ndodo ya masentimita 90, ndipo pa cingwe mumangirire zotsekera mabotolo pa masentimita 70 alionse. Mlimi akapita kwawo ndi ndodo ndi cingwe cotere, wanyamula phunziro lonse m'manja.

Cithunzi cinene nkhani imodzi

Pamene cinthu ceniceni palibe, jambulani. Mbozi ya fall armyworm, imene inalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, imazindikirika ndi zizindikiro ziwiri: kamzere konga cilembo ca Y cozondoka pamutu pake, ndi timadontho tinayi takuda tokhala m'makona anayi cakumcira. Jambulani zimenezi momveka, zokongoletsa zonse muzisiye. Samalaninso ndi kukula kwake. Mukajambula mbozi yodzaza pepala lonse, wina adzati za m'munda mwake n'zazing'ono, ndiye si zimenezo. Ikani kamtengo ka macisi pambali pake, pa cojambula ngakhale pa cithunzi ca pafoni, kuti aliyense aone msinkhu wake weniweni.

Mitundu ioneke, isangochulidwa

Pansi pa pepala la botolo la mankhwala ophera tizilombo pamakhala mzere wa mtundu wosonyeza ukali wake: wofiira ndiwo woopsa koposa, kenaka wacikasu, wabuluu ndi wagirini. M'cinenero cathu mawu akuti "obiriwira" angatanthauze buluu ngakhale girini, motero kufotokoza ndi pakamwa pokha kungasokeretse anthu. Bwerani ndi mapepala a mabotolo kapena zithunzi zake, muwasonyezenso tizithunzi ta magolovesi, nsapato za jombo ndi cigaza ca mafupa opingasa. Apa nkhani ndi ya moyo wa munthu, makamaka m'nyumba zimene wopopera sadziwa kuwerenga Cingerezi.

Yesani cithunzi canu musanapite naco kwa anthu

Wojambula amaona m'cithunzi zimene zili kale m'mutu mwake. Cifukwa cake perekani cojambula canu kwa munthu amene sanakhalepo m'kalasi, monga agogo kapena mwana wa sukulu, muwafunse kuti akuona ciani, inu mutatseka pakamwa. Akati akuona njoka pamene inu mwajambula cingwe, musawatsutse; fufutani mujambulenso. Muimikenso cithunzico pamtengo, mubwerere m'mbuyo kufika pamene amakhala amayi a mzere wotsiriza. Ngati inu simukuciona bwino, iwonso sadzaciona.

Luso limeneli silifuna ndalama. Khala ndi thumba loyera la ufa, ngakhale kamtengo ndi dothi losalala, n'zokwanira. Cofunika ndi kudekha poyang'ana ndi kujambula kawirikawiri, paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nchito ya mwezi uno

Sankhani phunziro limodzi limene mudzaphunzitsa mvula isanagwe. Likonzereni cinthu cimodzi cogwirika ndi cithunzi cimodzi, muciyese pa anthu atatu, ndipo mulembe zimene aliyense wanena. Pa msonkhano wotsatira mubwere nazo zonse, pamodzi ndi zojambula zimene anthu sanazimvetse, pakuti tidzayambira pa zimenezo.