MKOKOMO UMENE KHUTU SILIMVA

M'midzi yathu ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza timva kawirikawiri munthu alikuti, "M'nyumba muja muli mzukwa, ndikalowamo tsitsi liima, mtima ugunda, ndipo ndiyesa wina waimirira kumbuyo kwanga." Munthu wotere sanama ai, mantha ace ndi oona ndithu. Koma tiyenera kufunsa cimene cautsa manthawo.

1. Mau nciani?

Ikani dzanja pa cikopa ca ng'oma ilikulira, mudzamva cilikunjenjemera. Cikopa cigwedeza mpweya, mpweya ugwedeza khutu, ndipo ico ticicha mau. Kanthu kakanjenjemera msangamsanga, mau ace ali oonda ngati a mluzu. Kakanjenjemera pang'onopang'ono, ali akuya ngati a bingu lakutali. Khutu la munthu limva kunjenjemera koyambira 20 kufikira 20,000 pa sekondi imodzi. Pansi pa 20 khutu lilephera, koma mpweya ugwedezekabe, ndipo ukakula mphamvu thupi liumva m'cifuwa ndi m'mimba. Mkokomo wobisika uwu ophunzira aucha infrasound. Ucokera ku bingu, mphepo yamkuntho, zibvomezi ndi makina akuru.

2. Umboni wa njobvu

Abale a ku Malambo, kufupi ndi Mfuwe, akhala ndi njobvu masiku onse. M'caka ca 1984 mai Katy Payne anaima pafupi ndi njobvu zowetedwa ku Portland, m'dziko la America, namva mpweya ulikugunda pomwe khutu silinamve kanthu. Atabwera ndi makina ogwira mau, anapeza kuti njobvu ziitanizana ndi mkokomo wakuya umene ufika pa mtunda wa makilomita angapo. Cotero pamene ife titi thengo liri zii, njobvu zilikukambirana.

3. Mzukwa wa m'nyumba ya nchito

Ku England kunali mmisiri wa makina dzina lace Vic Tandy. Anchito anzace anadandaula kuti cipinda cao cinali coopsa. Usiku wina iye yemwe anatuluka thukuta lozizira, naona m'mbali mwa diso cinthu cotuwa cimene cinazimirira pamene anaceuka. M'mawa mwace anapanira lupanga lace lamasewera pa tebulo, ndipo taonani, linayamba kunjenjemera lokha. Pofufuza anapeza makina atsopano oturutsa mpweya m'cipindamo, amene anagwedeza mpweya pafupifupi ka 19 pa sekondi. Makinawo atakonzedwa, mzukwa unatha. Mbiri iyi inasindikizidwa m'caka ca 1998.

4. Kuyesa kwa ophunzira

M'caka ca 2003 ku London anthu ngati 700 anamvetsera nyimbo, ndipo m'nyimbo zina anabisamo mkokomo wa 17 pa sekondi. Anthu 22 mwa 100 ali onse ananena kuti anagwidwa ndi nthumanzi, cisoni kapena kuzizidwa. Koma m'caka ca 2009 Chris French ndi anzace a ku Goldsmiths College analengeza za kuyesa kwina, m'mene mkokomo sunasinthe kanthu. Amene anamva zacilendo anali makamaka aja ofulumira kukhulupira zotere. Cifukwa cace ophunzira sanamvane onse kufikira lero. Cimene cioneka ndi ici: mantha aphuka pa mizu iwiri, wina kunja kwa thupi, wina mu mtima umene wayembekeza kale coopsa.

5. Ticite ciani tsono?

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Nyumba ikakuopsani, yambani mwayang'ana. Kodi pafupi pali cigayo kapena injini ya magetsi? Kodi magalimoto olemera a pa Great East Road apita usiku? Kodi mphepo iloŵa pansi pa malata osakhomedwa bwino? Zindikiraninso nthawi imene manthawo adza ndi imene aleka.

Nkhani iyi si yaing'ono, abale. Cifukwa ca mantha osafufuzidwa mabanja asiya nyumba zabwino, ena apereka mbuzi ndi ndalama kwa oombeza ula, ndipo nkhalamba zosacimwa zapitikitsidwa m'midzi mwao. Lamulo la dziko lino, loikidwa m'caka ca 1914, liletsa kuchula munthu mfiti. Ndipo kunamizira mnansi ndi chimo pamaso pa Mulungu. Mlengi anaika m'dziko zambiri zimene maso saona ndi makutu samva, natipatsanso nzeru zakuzifufuza. Mkristu agwire nchito nzeruzo asanaloze mnzace cala.

Mafunso

1. Kodi khutu la munthu lileka kumva pa kunjenjemera kungati?
2. Cimene cinathandiza Vic Tandy kupeza gwero la mantha ace nciani?
3. Mbale akadza kwa inu nati m'nyumba mwace muli mzukwa, mudzamthandiza bwanji?