Sola Padenga, Heat Pump Pabwalo: Kodi Ndalama Idzabwerera?

Sabata ino makalata ambiri achokera kwa abale athu okhala ku Britain, kumene nyumba zambiri zatsopano zikumangidwa zopanda paipi ya gasi. Ndiyamba ndi kalata ya mayi wina wa ku Nottingham.

Akuti: "Ine ndi bambo a kunyumba tikugula nyumba ya zipinda zogona zitatu imene idakamangidwa. Mulibe gasi, atiikira heat pump. Omanga akuti tikawonjezera mapaundi 7,000 atiikiranso mapanelo a sola khumi padenga. Bambo akuti tikatero tidzatenthetsa nyumba mwaulere. Ine mtima ukukayika chifukwa ngongole ya nyumbayi ndi yaikulu kale. Kodi ndalamayi idzabwerera?"

Zikomo amayi polemba. Ndalamayo idzabwerera, koma sidzadzera khomo limene bambo akuliyang'ana. Kutenthetsa nyumba mwaulere mu Januwale kokha, kumeneko muwauze mwaulemu kuti achotseko mtima.

Poti ena akutimvera kumudzi ndipo chinthuchi sanachionepo, ndifotokoze pang'ono. Heat pump ndi bokosi lokhala ndi fani limene limakhala panja pa nyumba. M'kati mwake muli makina a mtundu womwewo wa mufiriji, koma ntchito yake ndi kukoka kutentha kumene kuli mumpweya wa panja, ngakhale kunja kukuzizira, n'kukulowetsa m'madzi oyenda m'mapaipi a m'nyumba. Ikaikidwa bwino, yuniti imodzi ya magetsi imabala kutentha kokwana mayuniti atatu kapena kupitirirapo pang'ono. Choncho bilu yanu yonse, ya kuphika, kusamba ndi kutenthetsa nyumba, idzakhala ya magetsi okhaokha. Apa bambo akuganiza bwino: nyumba yodya magetsi ambiri ndi imene sola imaipindulira kwambiri.

Vuto lili pa nyengo. Mapanelo khumi a mawati 400 ndi makilowati 4, ndipo pakati pa England, padenga loyang'ana kummwera, amatulutsa mayuniti pafupifupi 3,500 pachaka. Koma mayuniti amenewa sabwera mofanana mwezi ndi mwezi. Mu Juni kumacha 5 koloko isanakwane ndipo kumada itadutsa 9 koloko usiku, maola oposa 16 kuli kowala. Mu Disembala kuwala sikukwana maola 8, dzuwa limayenda m'munsi, ndipo masiku ambiri kumakhala mitambo. Zimene mapanelo amatulutsa mu Disembala zimangokhala gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a zimene amatulutsa mu Juni, mwina mayuniti atatu kapena anayi patsiku. Tsiku lozizira kwambiri heat pump yokha ikhoza kudya mayuniti 15 kapena 20, ndipo ambiri imadya m'mamawa ndi madzulo, dzuwa kulibe. Chimanga timakolola mu Meyi n'kusunga munkhokwe mpaka Febuluwale, koma magetsi a mu Juni alibe nkhokwe yowasungira kufika Disembala.

Nanga phindu lichokera kuti? Lichokera mbali ziwiri. Yoyamba ndi magetsi amene mudzagwiritsa ntchito nokha dzuwa likuwala: firiji, makina ochapira, kuphika kwa masana, ndipo makamaka madzi osamba. Nyumba ya heat pump imakhala ndi thanki ya madzi otentha, ndipo kuyambira Epulo mpaka Seputembala mukhoza kutchera kuti thankiyo izitenthedwa masana, m'ma 12 koloko kapena 1 koloko, osati mbandakucha. Miyezi ya Malichi, Epulo ndi Okutobala imathandizanso, chifukwa nyumba imafunabe kutentha pang'ono pamene dzuwa lilipo ndithu. Mbali yachiwiri ndi magetsi otsala amene mumagulitsa. Ndondomeko yakale ya Feed-in Tariff inatsekedwa kwa olowa kumene mu Malichi 2019, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2020 pali Smart Export Guarantee, imene imakakamiza makampani akuluakulu a magetsi kukulipirani pa yuniti iliyonse imene mwatumiza kunja. Mtengo wake boma silinaike. Kampani ina imapereka mapeni owerengeka, ina imafika cha m'ma mapeni 15.

Tengani cholembera tiwerengere limodzi, ngati chitsanzo chabe. Tinene kuti mwa mayuniti 3,500 aja, 1,400 mwagwiritsa ntchito nokha. Mu 2025 yuniti yogula inali cha m'ma mapeni 26, ndiye mwapulumutsa mapaundi 364. Otsala 2,100 mwagulitsa pa mapeni 15, mwalandira mapaundi 315. Zonse pamodzi ndi mapaundi pafupifupi 680 pachaka, ndipo 7,000 yanu yabwerera m'zaka khumi ndi miyezi ingapo. Koma mukagona, n'kumagulitsa pa mapeni 5 okha, phindu litsika kufika pa 470 ndipo mudikira zaka pafupifupi 15. Mapanelo ndi omwewo, denga ndi lomwelo, kusiyana kwa zaka zisanu kwabwera chifukwa chosasankha bwino kampani yogula magetsi anu. Ine zimandiwawa kuona anthu atalipira ndalama zambiri chonchi kenaka osalembetsa n'komwe kuti azilipidwa, magetsi awo n'kumapita ulere chaka ndi chaka.

Mapanelo ambiri amabwera ndi chitsimikizo cha zaka 25. Inveta, kabokosi kamene kamasintha magetsi a mapanelo kuti agwire ntchito m'nyumba, nthawi zambiri imafuna kusinthidwa pakapita zaka 10 mpaka 15, ndiye muiwerengere. Muwerengerenso chiwongoladzanja ngati 7,000 ija ilowa mungongole ya nyumba ya zaka 25 kapena 30, chifukwa pamenepo mulipira yoposa 7,000. Bungwe loyang'anira za magetsi la Ofgem limasinthanso malire a mtengo wa magetsi miyezi itatu iliyonse, choncho masamuwa azisuntha. Ngakhale zili choncho, ngati mukhala m'nyumbayi zaka zoposa khumi, ine ndikuti ikani.

Koma musangovomera mtengo wa omangawo. Nyumba idakamangidwa, zitsulo zokwerera padenga zili kale pamalo, amisiri a magetsi ali pomwepo, ndipo mapanelo olowa m'denga amatenga malo a matailosi amene omanga akanagula. Ntchitoyi iyenera kutsika mtengo kusiyana ndi kuika padenga lotha kale. Funsani makampani awiri kapena atatu akunja akupatseni mitengo yawo, poti mpaka pa 31 Malichi 2027 kuika sola panyumba kulibe msonkho wa VAT, ndiye mukakambirane ndi omangawo muli ndi mapepala m'manja. Muwauzenso akulembereni kukula kwa mapanelo m'makilowati, osati kungoti khumi, ndiponso kuti adzakupatsani satifiketi ya MCS, yotsimikizira kuti sola yaikidwa movomerezeka. Popanda pepala limeneli makampani ambiri sadzakulembetsani pa Smart Export Guarantee. Smart meter, mita yowerenga magetsi amene mwagulitsa, nayo ikhalepo.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wa ku Glasgow. Akuti: "Kwathu ku Mzuzu ndinaikira makolo anga sola ndi batire, magetsi akazima iwo sadziwa n'komwe. Kuno ndagula nyumba ya heat pump ndipo wogulitsa sola akundikakamiza kutenga batire. Kodi sola yopanda batire ili ndi ntchito?"

Achimwene, mwachita bwino kuwakumbukira makolo. Koma zolinga ziwirizi n'zosiyana. Kumudzi batire timaigulira kuzimazima kwa magetsi, pamene ku Glasgow magetsi sazima kawirikawiri ndipo mdani wanu ndi bilu. Dziwaninso ichi, poti ambiri chimawadzidzimutsa: sola yolumikizidwa ku mawaya a kampani imadzizimitsa yokha magetsi akazima mumsewu, pofuna kuteteza amisiri amene akukonza mawaya. Ngakhale mutakhala ndi batire, nyumba siyaka pokhapokha mutalipirira padera chipangizo chodula nyumba yanu ku mawaya a kunja.

Batire imawonjezera mapaundi masauzande angapo, ndipo chitsimikizo chake nthawi zambiri ndi zaka 10, osati 25. Ngati mukugula yuniti pa mapeni 26 ndipo mukadaigulitsa pa 15, yuniti ya dzuwa imene mwasunga mubatire yakupindulirani mapeni 11 okha, ndiponso magetsi ena amatayika polowa ndi potuluka. Pamene batire imaonetsa mphamvu m'nyumba ya heat pump ndi nyengo yozizira, mukakhala pa mtengo wa magetsi wosintha ndi maola. Octopus Energy, mwachitsanzo, ili ndi mtengo wotchedwa Cosy Octopus umene umatsika maola ena a tsiku. Mumadzaza batire maola otchipawo n'kugwiritsa ntchito madzulo magetsi atakwera. Phindu limeneli lilipo ndithu, koma ndi masamu ake ake, ndipo wogulitsa asawasakanize ndi a mapanelo kuti zonse zioneke zokoma. Muuzeni akupatseni mitengo iwiri, wa batire ndi wopanda batire. Ku Scotland dzuwa ndi locheperako kusiyana ndi kummwera kwa England, ndiye zaka zobwezera ndalama zitalikirapo pang'ono. Ngati thumba silikulola zonse lero, ikani mapanelo ndi inveta yolola kudzalumikiza batire m'tsogolo, mukhale chaka chathunthu mukuona mmene mita ikuyendera, kenaka musankhe.

Nthawi yatsala pang'ono, koma pali uthenga waufupi wochokera kwa mlongo wathu wa ku Leeds. Akuti denga lake likuyang'ana kummawa ndi kumadzulo, ndiye wina wamuuza kuti asataye ndalama.

Achemwali, amene anakuuzaniyo wakokomeza. Ku Britain denga labwino koposa ndi loyang'ana kummwera, mosiyana ndi kwathu kuno kumene timalozetsa mapanelo kumpoto. La kummawa ndi kumadzulo limatulutsa mocheperako, mwina magawo 80 kapena 85 pa 100, koma limapereka magetsi m'mawa ndi chakumadzulo pamene anthu ali pakhomo, ndipo mukhoza kuika mbali zonse ziwiri. Choopa kwambiri ndi mthunzi wa mtengo, chumuni kapena nyumba ya aneba. Inveta ikapitirira makilowati 3.68, woika sola ayenera kupempha kaye chilolezo ku kampani yosamalira mawaya a m'dera lanu. Ndipo musanasaine chilichonse, werengani mapepala a nyumbayo: ngati ndi ya leasehold (malo ali ndi mwini wake wina), kapena omanga anaikamo malamulo oletsa kusintha maonekedwe a denga, pezani chilolezo cholembedwa.

Amayi a ku Nottingham, mukakambirana ndi omanga aja mutilemberenso, mutiuze makilowati ndi mtengo umene akupatsani, tidzawerengere limodzi pano sabata ya mawa.