Midzi ya Pamapiri

Kale makolo athu Achewa ankalamulidwa ndi mfumu Undi. Likulu lake linali ku Mano, kuno m'chigawo cha Tete. Midzi inali m'zigwa, pafupi ndi madzi ndi madimba.

Mu 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Pambuyo pake nkhondo zinachuluka. Ogwira akapolo nawonso anavuta. Anthu ambiri anasamukira kumapiri. Ali pamwambapo ankamuona mdani akadali kutali. Ena anazinga mudzi wawo ndi linga la mitengo kapena la dothi.

Nyumba zinali zozungulira. Abambo ankaimika mitengo ndi kufolera udzu. Amayi ankamata zipupa ndi kuzira pansi. Milandu ankakambira pabwalo. Gule wamkulu anali ndi dambwe lake kuthengo.

Komatu linga silidyedwa ayi. Adani akazungulira phiri, munthu sakanatsikira kumunda. Mudzi wa nkhokwe zodzaza mapira ndi chimanga ndiwo unkapirira. Mudzi wopanda chakudya unkagonja msanga.

Anzathu, lero mdani wathu ndi njala ya m'dzinja, chimanga chisanache. Nkhokwe ndiyo linga lathu.

Tiikhazike pa miyala kuti chiswe ndi chinyezi zisalowe.
Tifolere denga lake mvula isanagwe.
Chimanga chiyambe chauma bwino, kenaka tilonge.
Tisagulitse chonse pokolola, mtengo uli wotsika.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani makolo anasamukira kumapiri?
2. Ndi mudzi uti unkapirira?
3. Kodi nkhokwe zathu zidzatifikitsa ku zokolola zina?