Musanaike chikwangwani chogulitsa nyumba ku Mulanje Mission

Mamangidwe amakono afika ku Mulanje Mission monga afikira kwina konse: malata amitundumitundu, mawindo a aluminiyamu, matailosi mpaka pakhonde, ndiponso denga lobisika kuseri kwa khoma. Ogulitsa ambiri amathamangira zimenezi poganiza kuti ndizo zikweze mtengo. Koma kuno kunsi kwa phiri mvula ndi yochuluka, chiperoni chimanyowetsa makoma ngakhale mu Juni, ndipo chigwetsereni nyumba namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, wogula amayamba waona maziko asanaone penti. Ntchito yokonza nyumba yanu iyende motere.

Yambani ndi umwini wa malo. Malo ambiri kuno ndi a makolo, ndipo amatsata mbumba ya kuchikazi. Bambo amene anamanga kuchikamwini asayerekeze kutsatsa nyumba payekha. Khalani pansi ndi eni mbumba komanso anyakwawa, malire alozedwe masana pamaso pa mboni, kenaka mupite ku ofesi yoona za malo ku khonsolo ya Mulanje kuti akuuzeni mapepala oyenera. Munthu wosunga ndalama zake zaka zambiri safuna kugula mlandu.

Mukatero, dikirani tsiku la mvula, mutenge ambulera, muzungulire nyumba yonse. Onani kumene madzi a padenga akugwera ndi kumene akulowera. Ngati akudikha m'mbali mwa khoma, kumbani ngalande yowatulutsa pabwalo ndipo muwake kakhonde ka simenti kuzungulira maziko. M'kati, sunthani kabati ndi bedi, mugunditse dzanja kukhoma chakumunsi. Pulasitala wozizira, wofufuma kapena wothothoka akuuzani kuti chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Kupaka penti pamwamba pake n'kungotaya ndalama, pakuti posakhalitsa khoma lidzachitanso mawanga. Gumulani pulasitala wovundayo, khoma liume, muwake watsopano.

Za denga ndinenepo mosabisa. Denga lobisika limaoneka bwino kumseu, koma silinapangidwire dera la mvula ngati lathu. Malata ake amagona kwambiri, ndipo madzi onse amadalira ngalande imodzi ya kuseri kwa khoma. Masamba a mango akangoitseka, madzi amabwerera n'kutsikira pa siling'i. Ngati mukumanga kumene, sankhani denga lotsetsereka bwino, lotulukira kunja mokwanira kuti litchinge makoma. Ngati lobisikalo lilipo kale, kulitsani ngalandeyo ndipo muonjezere mapaipi otsitsa madzi. Mukakwera pamwamba, gogodani mitanda kuti mumve ngati chiswe sichinaidye m'kati. Pogula matabwa atsopano pewani mkungudza wa m'phiri: kuudula n'koletsedwa, ndipo watsala pang'ono kutheratu.

Tsopano ganizirani amene adzagule. Pafupi pali chipatala cha Mulanje Mission cha sinodi ya Blantyre ya CCAP ndi koleji yake ya anamwino ndi azamba, ndiye ogula ambiri amawerengera za lendi. Anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito ku maesiteti a tiyi amafunsa zinthu zomwezomwe: bafa ndi chimbudzi cham'kati, mita yakeyake ya ESCOM, madzi odalirika, zitsulo zotchinga m'mawindo ndi mpanda. Thanki ya madzi ndi kasola koyatsa mababu magetsi akazima zimakopa kuposa siling'i yokhotakhota ya mababu obiriwira ndi ofiira. Khitchini yakunja musaigwetse, chifukwa mbaula ikadali ndi ntchito.

Zokongoletsa zibwere pomaliza, ndipo zichepe. Pakani penti yowala yamtundu umodzi kuti zipinda zioneke zotakasuka. Matailosi a pakhonde ndi kubafa akhale okhakhala, popeza osalala amaterera akanyowa. Sesani pabwalo, dulirani maluwa, konzani geti kuti litseguke osakwekwereza.

Mtengo muuike mutafunsa mmene nyumba zofanana ndi yanu zagulidwira kuno ndi ku Chitakale, osati potengera za ku Blantyre. Sungani malisiti a malata, simenti ndi mapaipi kuti mudzamuonetse wogula. Ndipo inu ofuna kugula, musapereke ndalama mu Okutobala nyumba zonse zili zouma. Kaioneni nyumbayo mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati.